Dokotala wa ku Kano amene anakana kuyeza magazi a mayi ndi maso

Amene muli ndi ana kumsana, mwana akalira musatuluke, nkhani ya lero ndi yake yomwe.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri muno tinachionapo. Uthenga umabwera m'mawa kuti uje wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Tikuyamba kumene kunthungulula, foni ikuliranso: bwerani msanga, zinthu zasintha. Pofika kuchipatala tikupeza gadiyani atakhala pansi, mwana ali m'manja, mayi palibe. Tikafunsa chachitika n'chiyani, yankho limakhala lalifupi: anataya magazi ambiri. Pamaliro ena amati inali nthawi yake. Ena amanong'ona kuti mwina wina sanayende bwino m'banjamo. Tikaika, timabalalika, agogo n'kutsala ndi khanda.

Lero tikufuna tikambe za mayi wina wa ku Nigeria amene waona imfa zoterezi pa ntchito yake zaka zambiri, ndipo anakana kuvomereza kuti inali nthawi yake. Dzina lake ndi Pulofesa Hadiza Shehu Galadanci. Ndi dokotala wa amayi oyembekezera ndi matenda a amayi pa chipatala cha Aminu Kano Teaching Hospital, komanso mphunzitsi pa yunivesite ya Bayero mumzinda wa Kano, kumpoto kwa Nigeria. Tamusankha chifukwa ntchito yake ikuonetsa ulendo wonse: kuchoka pa bedi la mayi mmodzi, kupita ku kafukufuku, mpaka kukasintha malangizo amene zipatala za dziko lonse lapansi zimatsatira.

Kuti timvetse, tione kaye dziko limene akugwiramo ntchito. Nigeria ndi dziko la anthu ambiri kuposa lina lililonse mu Africa, oposa 200 miliyoni. Mabungwe a United Nations anawerengera kuti m'chaka cha 2020 amayi pafupifupi 287,000 anamwalira padziko lonse chifukwa cha pakati kapena pobereka. Mwa amenewa, pafupifupi 82,000 anali a ku Nigeria. Mwamva bwino: pa amayi anayi alionse amene dziko lapansi linataya chaka chimenecho, mmodzi ndi kupitirirapo anali wa dziko limodzi lokhali. Ndipo m'dziko momwemo vutoli ndi lalikulu kwambiri kumpoto, kumene atsikana ambiri amakwatiwa ali aang'ono, ambiri sapita patali ndi sukulu, ndipo amayi ochuluka amachirira kunyumba. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonselo ana 39 okha pa 100 alionse ndi amene amabadwira kuchipatala, ndipo kumpoto chakumadzulo, kumene kuli Kano, chiwerengerocho chinali chotsika kuposa apo.

Kumeneko ndi kwawo kwa Hadiza Galadanci. Udokotala anauphunzira pa yunivesite ya Ahmadu Bello ku Zaria, kumpoto komweko. Zaria si dzina wamba pa nkhani ya uchembere. Kuyambira 1976 mpaka 1979, dokotala wina wa ku Nigeria, Pulofesa Kelsey Harrison, ndi anzake analemba mwatsatanetsatane za ana 22,774 amene anabadwa motsatizana pa chipatala cha kumeneko. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1985. Zinaonetsa kuti amayi amene amafa kwambiri ndi amene sanapiteko ku sikelo, amene amafika kuchipatala zinthu zitavuta kale, atsikana aang'ono amene matupi awo anali asanakhwime, ndi amayi amene sanaponde m'kalasi. Harrison ananena poyera kuti mankhwala okha sangathetse imfazi ngati mwana wamkazi sakupita kusukulu. Ntchito yake ndi imodzi mwa zimene zinadzutsa dziko, ndipo mu 1987 kunachitika msonkhano waukulu ku Nairobi umene unayambitsa ndondomeko imene ife kuno timaitcha uchembere wabwino.

Choncho mtsikana wa kumpotoyu anaphunzira pa malo amene anthu ankadziwa kale kuti kuwerenga imfa za amayi ndi ntchito ya dokotala. Atamaliza anasankha za amayi, ndipo amadziwika ngati mayi woyamba kuphunzitsidwa udokotala wa uchembere ku Kano n'kufika pa upulofesa. Anakapitirizanso maphunziro a kafukufuku ku Britain, n'kubwerera kwawo. Kubwererako tisakuone mopepuka. Madokotala ambiri a ku Nigeria ali ku London, ku Houston, ku Riyadh, ndipo sitingawaweruze, chifukwa ifenso tikudziwa za abale athu anamwino amene ali ku Manchester. Koma iyeyu anakhala ku Kano, mu wodi momwe amayi amabwera atatheratu mphamvu.

Tsopano tikambe za mdani amene wakhala akulimbana naye, kutaya magazi mayi akangochira. Bungwe la WHO limati vutoli limagwera amayi pafupifupi 14 miliyoni chaka chilichonse ndipo limapha pafupifupi 70,000. Ndilo limapha amayi obereka ambiri kuposa china chilichonse. Tiyeni timvetse mmene zimachitikira m'thupi, chifukwa thupi ndi lathu ndipo tili ndi ufulu wolidziwa.

Pakati pakafika kumapeto, magazi oposa theka la lita amadutsa m'chiberekero pa mphindi imodzi iliyonse, kupititsa chakudya ndi mpweya kwa mwana kudzera mu nsengwa. Mwana akabadwa, nsengwa imachoka, ndipo pamene inamatirira pamatsala bala lalikulu, mitsempha ili yotseguka. Thupi linakonza njira yake: chiberekero chimakungika n'kulimba ngati mpira, n'kufinya mitsempha ija kuti itseke. Chikalephera kukungika, magazi amangotuluka. Ichi ndicho chimayambitsa vutoli nthawi zambiri, mwina kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi. Nthawi zina chimakhala chakuti njira ya mwana yang'ambika, kapena chidutswa cha nsengwa chatsalira m'kati, kapena magazi akulephera kuundana. Popanda thandizo, mayi amene anali bwinobwino akhoza kumwalira pasanathe maola awiri.

Madokotala amati mayi wataya magazi mopitirira muyezo akataya mamililita 500 kapena kuposa, ndiye kuti botolo lija la madzi la theka la lita. Akafika lita imodzi, moyo uli pachiswe. Funso ndi ili: namwino amadziwa bwanji kuti magazi afika 500? Kwa zaka zonsezi, m'zipatala zambiri za mu Africa ndi kunja komwe, yankho linali lakuti amayang'ana ndi maso n'kuyerekeza. Inu amene munachirapo kapena kukhalapo gadiyani mukudziwa mmene zimakhalira. Magazi ena alowa m'chitenje, ena ali pa pepala la pulasitiki lija timapita nalo, ena atsikira pansi, ena asakanikirana ndi madzi. Mzamba ali yekha, amayi atatu akubuula nthawi imodzi, mwina magetsi azima. Ayerekeza bwanji? Ngakhale katswiri amaphonya, ndipo kawirikawiri amaona ngati magazi ndi ochepa pamene ali ambiri. Kuonjezera apo, thupi la mayi wachitsikana limapirira. Amatha kumalankhula, BP ikuoneka bwino, magazi akupita. Pamene ayambe kuzizidwa, kumva ludzu ndi chizungulire, nthawi yatha kale.

Galadanci sanayambe dzulo kufufuza za vutoli. Zaka za m'mbuyomo anali m'gulu la madokotala a ku Nigeria amene anayesa chovala china cholimba chimene amamanga nacho mayi kuyambira m'miyendo mpaka pamimba, kuti magazi ochepa amene atsala apite ku mtima, mapapo ndi ubongo pamene akudikira ambulansi kapena magazi oonjezera. Chovala chomwecho chinayesedwanso ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Chimathandiza, koma chimabwera mayi atafika kale pangozi. Funso lalikulu linatsalabe: tingatani kuti tizindikire msanga, asanafike pamenepo?

Apa ndi pamene panabwera kafukufuku wotchedwa E-MOTIVE. Anamutsogolera akatswiri a yunivesite ya Birmingham ndi bungwe la WHO pamodzi ndi madokotala a maiko anayi: Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania. Galadanci ndiye anatsogolera mbali ya Nigeria, ndipo pafupifupi theka la zipatala 80 zimene zinalowa m'kafukufukuyu zinali za kwawoko. Amayi onse amene anawerengedwa anaposa 210,000. Si zipatala zapamwamba za anthu olemera ayi, ndi zipatala zonga zathu za m'maboma.

Chimene anayesa n'chosavuta kufotokoza. Choyamba ndi pepala la pulasitiki limene amayala pansi pa mayi mwana akangobadwa. Kumunsi kwake kuli thumba losongoka limene limalendewera m'mphepete mwa bedi, ndipo pathumbapo pali mizere ya muyezo ngati ya pa botolo la mwana. Magazi onse amatsikira m'menemo. Mzamba sayerekezanso, amangowerenga. Akafika pa 500, kapena pa 300 mayi akuonetsa chizindikiro china choipa monga mtima kuthamanga, thandizo liyambe pompo. Mamililita 300 ndi botolo limodzi la Fanta lagalasi lija, basi.

Chachiwiri ndi kapatsidwe ka thandizo. Kale zinkayenda chonchi: mupatseni mankhwala awa, tidikire tione, sizinatheke, tiyese awa, tidikirenso. Kudikira kulikonse magazi akupita. E-MOTIVE inati zonse zichitike nthawi imodzi, m'mphindi zochepa zoyambirira. Kusisita mimba kuti chiberekero chikungike. Jakisoni wa oxytocin kapena mankhwala ena okungitsa chiberekero. Mankhwala a tranexamic acid amene amathandiza kuti magazi akaundana asasungunukenso. Dilipi. Kuyang'ana bwino njira ya mwana ndi nsengwa ngati pang'ambika kapena patsalira kanthu. Ndipo zikapanda kuleka, kuitana wamkulu kapena kuthamangira ku fiyeta mosazengereza. Zipatala zinapatsidwanso kabokosi kapena kangolo kokhala ndi zonsezi pamodzi, kuti namwino asamathamange kukasaka kiyi wa kabati mayi akukha magazi. Anamwino ankayeserera pamalo awo antchito, ndipo mwezi ndi mwezi ankauzidwa mmene chipatala chawo chachitira.

Theka la zipatala linatsatira njira yatsopanoyi, theka linapitiriza monga mwa masiku onse. M'zipatala za masiku onsezo magazi ankawatoleranso, koma m'thumba lopanda mizere, n'kukawayeza pa sikelo pambuyo pake, kuti ofufuza adziwe zoona zake. Zotsatira zinatuluka mu Meyi 2023 m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Tamverani manambala awa. M'zipatala zoyerekeza ndi maso, pa amayi 100 alionse amene anatayadi magazi mopitirira muyezo, amene anazindikiridwa anali 51 okha. Enawo palibe anadziwa. M'zipatala za pepala la mizere, anazindikiridwa 93. Ndipo amayi amene anafika poipa, kutanthauza kutaya lita kapena kuposa, kung'ambidwa pamimba kuti aletse magazi, kapena kumwalira, anali 4.3 pa 100 alionse m'zipatala za masiku onse, koma 1.6 m'zipatala za njira yatsopano. Kutsika ndi 60 peresenti.

Amayi, taganizirani nambala ija ya 51. Theka la amayi amene magazi awo ankatha, ali m'chipatala, ali pamaso pa ogwira ntchito, palibe amene anaona. Sikuti anamwinowo anali oipa mtima. Anapatsidwa maso okha ngati chida, ndipo maso amanama.

Pali mbiri ina yaing'ono imene tikufuna muidziwe, ya mankhwala aja a tranexamic acid. Anawatulukira ndi mayi wa ku Japan, Dr. Utako Okamoto, pamodzi ndi mwamuna wake Shosuke, ndipo analengeza za mankhwalawa mu 1962. Cholinga cha mayiyu chinali chomwechi, kupulumutsa amayi obereka. Koma madokotala a uchembere a nthawi yake sanafune kuwayesa. Mankhwalawo anakagwira ntchito kwina, pochotsa mano ndi pa maopaleshoni ena, amayi akupitirira kufa. Panadutsa zaka zoposa 50 kuti achitike kafukufuku wamkulu wotchedwa WOMAN, wa amayi oposa 20,000 m'maiko 21, ndipo Nigeria inali pakati pa maiko amene anapereka amayi ochuluka. Mu 2017 zinadziwika kuti mankhwalawa akaperekedwa pasanathe maola atatu mayi atachira, imfa za kutaya magazi zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mayi Okamoto anamwalira mu 2016, asanamve zotsatirazo. Mankhwala otchipa, analipo kale, koma anadikira zaka 50 chifukwa amene ankasankha zoyenera kufufuza sankaona imfa ya mayi wobereka ngati nkhani yofulumira. N'chifukwa chake timati pa tebulo pamene amagamula za kafukufuku ndi ndalama zake pazikhala amayi ngati Galadanci.

Kafukufuku akathera m'magazini, mayi wa kumudzi sapindula kanthu. Apa ndi pamene ntchito ya Galadanci ikulowa mu ndondomeko za boma. Pa yunivesite ya Bayero iye ndi mkulu wa likulu lotchedwa Africa Centre of Excellence for Population Health and Policy, limodzi mwa malikulu amene anakhazikitsidwa ndi thandizo la World Bank. Ntchito yake ndi kuphunzitsa ofufuza a mu Africa ndi kutenga zimene apeza kupita nazo kwa opanga malamulo. Zotsatira za E-MOTIVE zitatuluka, iye anakhala mmodzi mwa amene anazinyamula kukazifotokoza kwa akuluakulu a boma kwawo ndi pa misonkhano ya kunja. Chaka chomwecho cha 2023 chisanathe, WHO inatulutsa malangizo akuti magazi a mayi aziyezedwa ndi chida osati kuyerekeza, ndiponso kuti thandizo liziperekedwa pamodzi. Mu Okutobala 2025, WHO pamodzi ndi mabungwe a madokotala a amayi ndi azamba a dziko lonse anatulutsanso malangizo atsopano amene akuti pa mamililita 300, ngati pali chizindikiro choipa, musadikire. Mu 2024 magazini ya TIME inaika Galadanci pa mndandanda wa anthu 100 amene akusintha zaumoyo padziko. Ulemu ndi wabwino, koma chimene chatikhudza ife ndi chakuti chinthu choyesedwa m'mawodi a ku Nigeria, Kenya ndi kwina mu Africa ndicho chasanduka muyezo wa dziko lonse. Tinazolowera kuti malangizo amachokera kunja kubwera kuno.

Tisakunamizeni kuti pepala la pulasitiki lathetsa zonse. Kafukufuku uja anachitika kwa amayi ochira m'njira ya masiku onse, ali m'chipatala. Sanakhudze amene anachitidwa opaleshoni, ndipo sanafike kwa mayi wa kumudzi kumpoto kwa Nigeria amene akuchirira m'nyumba chifukwa mwamuna wake kulibe kuti amulole kupita kuchipatala. Akatswiri amakamba za kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo utafika. E-MOTIVE yalimbana ndi kwachitatu. Kuwiri koyambako kuli m'manja mwa mabanja, mafumu, ndi amene amakonza misewu.

Palinso nkhani ya mankhwala enieniwo. Oxytocin amafunika kusungidwa mu fuliji. Akakhala potentha nthawi yaitali amatha mphamvu, ngakhale botolo likuoneka bwinobwino. Ku Nigeria ofufuza atatenga oxytocin m'malo osiyanasiyana n'kukamuyeza, ochuluka anapezeka kuti sakukwana muyezo. Ndiye namwino akhoza kubaya jakisoni pa nthawi yake, koma ngati fuliji inafa miyezi itatu yapitayo, wabaya madzi. Alipo mankhwala ena otchedwa carbetocin opirira kutentha, amene WHO inawayesa kwa amayi pafupifupi 30,000 m'maiko 10 kuphatikizapo Nigeria, n'kupeza mu 2018 kuti amateteza mofanana ndi oxytocin. Koma kuti afike pa shelefu ya chipatala chaching'ono pamafunika munthu wina mu ofesi aike ndalama.

Ndipo pali kuchepa kwa magazi mayi asanachire n'komwe. Mayi amene magazi ake ndi ochepa kale, chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba, kubereka pafupipafupi kapena kudya zosakwanira, sangapirire kutaya ngakhale pang'ono. Mnzake wa Galadanci, Pulofesa Bosede Afolabi wa yunivesite ya Lagos, anatsogolera kafukufuku ku Lagos ndi ku Kano woyesa kupereka ayironi kudzera m'dilipi kamodzi kokha m'malo mwa mapilisi a tsiku ndi tsiku amene ambiri timawasiyira panjira chifukwa cha nseru. Kafukufuku wofanana anachitikanso kwathu kuno, ku Zomba ndi ku Blantyre. Konse kuwiri anapeza kuti dilipiyo imabwezeretsa ayironi m'thupi bwino kuposa mapilisi, ngakhale siinathetse kuchepa kwa magazi kwa onse, chifukwa zoyambitsa zake ndi zambiri. Ntchito ikupitirira.

Tsopano tibwere kwathu. Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa Malawi ndi kumpoto kwa Nigeria. Kuno amayi tinamvera. Anatiuza kuti tisiye kuchirira kwa azamba a kumudzi, tinasiya. Mafumu anaika chindapusa cha mbuzi, tinapita kuchidikiro ndi mbaula zathu ndi ufa wathu. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 pa 100 alionse m'Malawi amabadwira kuchipatala. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 439 amamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Ndiye ngati mayi wachita mbali yake, wayenda mtunda, wafika, wagona pa bedi la boma, n'kumwalirabe ndi magazi, funso lisamapitenso kwa iye kapena kwa apongozi ake. Lipite kuchipatala, ku khonsolo ndi ku Unduna wa Zaumoyo. Phunziro la ku Kano likutikhudza pamenepo, mwinanso kuposa eni ake, chifukwa amayi athu ali kale m'malo amene njira imeneyi imagwira ntchito.

Atsogoleri athu anasainira kale mapepala. Mu 2001, ku Abuja, likulu la Nigeria komweko, maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo. Nigeria yeniyeniyo ili kutali ndi lonjezolo, ndipo ifenso zaka zambiri sitifikapo. Mu 2003 ku Maputo anavomereza pangano la ufulu wa amayi mu Africa, limene gawo 14 likuti boma lipereke chisamaliro kwa mayi ali ndi pakati, pochira ndi pambuyo pake. Malawi ndi Nigeria onse analowa m'panganoli. Sitikupempha chifundo, tikukumbutsa ngongole.

Ndiye tichite chiyani tikachoka pano? Safunsa anadya phula. Amene muli m'makomiti a zipatala, pa msonkhano wotsatira kafunseni mafunso anayi. Kodi kuno magazi a mayi akachira mumayeza ndi chiyani? Kodi tranexamic acid alipo mu wodi yochirira, kapena ali ku famase kumene amatseka madzulo? Kodi oxytocin akusungidwa mu fuliji yogwira ntchito, ndipo magetsi akazima mumatani? Kodi mayi womaliza kumwalira kuno, imfa yake inakambidwa, ndipo chinasintha n'chiyani? Mufunse mwaulemu, ndipo mulembe mayankho. Anamwino ambiri adzakuyankhani mosangalala, chifukwa nawonso atopa kugwira ntchito manja ali m'malere. Iwo si adani athu. Mayankhowo tiwatengere kwa DHO, kwa khansala ndi kwa phungu, makamaka nthawi yokambirana bajeti.

Amene mudzakhale magadiyani, ntchito yanu siithera pa kuphika phala. Maola awiri oyambirira mwana atabadwa ndi amene ali oopsa kwambiri, ndipo tsiku lonse loyamba ndi lofunika kukhala tcheru. Musatengeke ndi khanda nonse n'kuiwala mayi. Yang'anani chitenje. Chikanyowa msanga, kapena mukaona zibuma zikuluzikulu za magazi, kapena mayi akuti akumva chizungulire, kuzizidwa, ludzu, mtima kugunda, itanani namwino nthawi yomweyo. Akachedwa, itananinso mokweza. Kuli bwino akunenereni kuti ndinu wovuta. Ndipo magazi akayamba mutabwerera kale kunyumba, musayambe mwafulula mankhwala a zitsamba, pezani njinga kapena galimoto.

Amene muli ndi pakati, yambani sikelo msanga, yezetsani magazi, imwani mapilisi a ayironi ndi a malungo, gonani m'neti. Abambo, mwamva kuti mankhwala akalephera chimene chimatsala ndi magazi oonjezera, ndipo magazi sapangidwa ku fakitale. A Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu, n'chifukwa chake nthawi ya holide magazi amasowa. Pitani mukapereke, musadikire kuti wagona pabedipo akhale mkazi wanu.

Pomaliza, inu atsikana amene mwakhala kumbuyoko. Hadiza Galadanci anakulira m'dera limene anzake ambiri a msinkhu wake anakwatiwa asanamalize pulayimale. Iye anakhala m'kalasi, ndipo lero mzamba ku Tanzania kapena ku South Africa akuwerenga mizere pa thumba la pulasitiki chifukwa cha ntchito imene iye ndi anzake anagwira. Masamu ndi sayansi amene mukuti ndi ovutawo, kuwerenga mamililita ndi maperesenti, ndi zomwezo zimene zapulumutsa amayi m'zipatala zija. Tikufuna ena mwa inu mudzakhale azamba, ena madokotala, ena ofufuza, ndipo wina adzakhale mu ofesi ija imene imagamula ngati fuliji igulidwe kapena ayi. Makolo, fizi ya mwana wamkazi isamakhale yoyamba kudulidwa chimanga chikavuta.

Tsopano tiimirire tonse mphindi imodzi, aliyense atchule mumtima dzina la mayi amene anamutaya pa uchembere. Tikakhala pansi tigawana m'magulu malinga ndi chipatala chimene aliyense amapitako, tisankhe amene akafunse mafunso anayi aja, ndipo tikadzakumananso tidzamve mayankho.